Kaseti Yomwe Ndinayanika Padzuwa

Ntchito za kumigodi zitatha, ndinapeza ganyu yonyamula katundu ku Kewdale, m'dziko la eni lino, masiku atatu pa sabata. Masiku enawo ndinkangozungulira m'nyumba ngati nkhuku yofuna poikira, mpaka mkazi wanga anatopa nane. Loweruka lina, pamsika wa zinthu zakale, ndinagula kamakina ka gemu ka ku Japan, kachikasu chifukwa cha ukalamba, ndi kaseti imodzi ya gemu.

Mawu onse a mu gemuyo anali a Chijapanizi. Koma nditangoyatsa ndinaona kuti wina anasungamo ulendo wake, ndiye kuti pomwe anafika posewera. Panali dzina la zilembo zinayi, ndipo kamunthu kake ka mu gemumo kanaima pakhomo lalikulu, lomwe linkaoneka kuti ndi lomaliza. Munthu anayenda mtunda wonsewo n'kulekera pakhomo! Anakula? Anamulanda? Anaopa? Ndinkanyamula makatoni kuntchito mutu uli kwa iye. Mwina chifukwa nanenso ndinali nditasiyidwa panjira, ndinamukonda munthuyo. Ndinayamba ulendo wanga pamalo ena osungira, wakewo osaukhudza, pakuti za mwini sasewera nazo.

Ku Joondalup kunali bambo wina wachikulire wokonza makina oterewa m'galaja mwake. Ndinapita kukagula waya, ndipo ndinamusimbira za mnzanga wosamudziwayo. Anandiuza kuti m'kasetimo muli kabatire kangati batani la jekete, ndipo ndi komwe kagwirizira ulendowo zaka zonsezi. Kakafa, zonse zapita. Anati ndibwere nayo Lolemba, iye ali ndi kachipangizo kokopera kaye ulendowo asanasinthe batire.

Ine nditamva kuti batire, nzeru zakwathu zinadzuka. Ndinakula ndikuona mabatire a wailesi akuyanikidwa padenga, madzulo n'kumvera mpira bwinobwino. Ndinaganiza zokapatsako mphamvu kuti kafike Lolemba. Lamlungu tikupita kutchalitchi ku Mirrabooka, ndinaika kaseti ija pamwamba pa bini yachitsulo kuseri kwa nyumba. Munali mu Januwale, mwezi wa dzuwa loswa mtengo kuno.

"Inu bambo, dzuwa la kuno si la kwanu ku Dedza," anatero mkazi wanga. "Mwawafunsa bambo okonza makina aja?"

"Batire ndi batire, mayi," ndinayankha motumbwa.

Safunsa anadya phula. Titabwerako kasetiyo inali yotentha moti ndinaigwira ndi mpango. Itazizira ndinayatsa. Kanyimbo kanalira monga kale, koma malo onse osungira anali mbee. Wanga ulendo sindinaudandaule. Chinandipweteka n'chakuti chinthu chinawoloka nyanja, chinapirira zaka m'makatoni a anthu, n'kudzafera m'manja mwa ine amene ndinkachikonda.

Lolemba bambo uja anaitsegula, nandionetsa kabatire kotupa. Sanandiseke. Anaika katsopano, kenako anafunsa ngati ndinalemba penapake dzina lija, kuti mwina tilibwezeretse. Ndinali nditaliyang'ana tsiku ndi tsiku, koma sindinalikopere. Ndimangokumbukira kuti chilembo chachiwiri chinali ngati mbedza.

Zinanditengera miyezi kuti ndifike pakhomo lija, ndikungolota tanthauzo la mawu. Nditafika ndinaimika kamunthu kanga pomwe panaima kake, ndinasunga, n'kuzimitsa. Mkazi wanga amandifunsabe kuti kuseri kwa chitsekocho kuli chiyani. Sindikudziwa. Mwini wake sanalowe, ndiye ine ndilowe ngati ndani?