Galasi la pamfuti ya bambo a Esinati

Tsiku limene ndinayamba kuganiza zochoka ku Kitengela, bambo a Esinati sanandimenye, sanandikalipire. Anangolowa m'khitchini akuseka n'kunena kuti, "Mwana wanu wang'amba diresi paphewa." Ine kusuzumira panja, Esinati ali kutali, cha kukhola la Amasai, kanthu kakang'onong'ono m'udzu. Chonsecho awa ndi anthu oti maso awo anali atayamba kuchita nkhungu, ulusi m'singano ndinkawapisira ndine. Mwana atafika, diresi linalidi long'ambika paphewa. Pomwepo ndinakumbukira galasi la pamfuti yawo.

Ku Kenya tinapita chifukwa cha a dokotala a ziweto, akwathu ku Ntcheu, amene ankagwira ntchito m'bungwe lina la mayiko ambiri ku Nairobi. Iwo ankakhala ku Parklands, koma anachita lendi malo ku Kitengela n'kuikako ng'ombe ndi mbuzi. Ankafuna munthu wakwawo wodziwa mfuti, poti afisi ankavuta, ndipo amuna anga anagwirapo ulonda wa nyama ku Kasungu. Ine ndinali ndi ana awiri, Esinati ndi Dalitso, ndi Sitandade 6 yanga. Ndinangoti tiyeni.

Malowo anali chidikha chokhachokha, mphepo tsiku lonse, phiri loti diso litsamirepo kulibe pafupi. Mnzanga anali mayi mmodzi wachimasai wogulitsa mkaka, tinkacheza ndi manja ndi timawu tachiswahili. Kumudzi ndinkalemba kuti kuno mkaka ndi mbwee, ana anenepa. Zoti ndinkatha sabata osalankhula ndi munthu wamkulu kupatula amuna anga sindinkalemba.

Mfuti ija inali ya mapepala ake onse. Inali yodzilonga yokha: ukaomba, chipolopolo china chalowa kale, chikungodikira chala. Maso atayamba kuvuta, bambo a Esinati anaopa kuti a dokotala adziwa n'kuwachotsa ntchito, ndiye anati agule galasi lomangirira pamwamba pa mfuti, lokokera zinthu pafupi. Nthawi imeneyo boma la kumeneko linali litaletsa ulenje, ndipo katundu wotere anatsika mtengo m'masitolo.

Tonse tinakwera matatu, maminibasi a kumeneko, kupita m'tauni. Mmwenye wa m'sitolomo anatulutsa magalasi atatu. La ku Jeremani, atatchula mtengo, amuna anga anaseka n'kulibweza ndi manja awiri. Lina linali lopotokola kuti likulitse kwambiri, lotchipa, koma m'kati munali kankhungu, ndipo mwiniwake ananena yekha kuti mfuti ikaligwedeza limasochera. Lachitatu linali la ku Japan, lokulitsa kanayi basi, losasintha. "Hii ni nzuri, mzee," anatero m'Chiswahili, kunena kuti labwino ndi limeneli. Amuna anga anapita nalo pakhomo, kuona kowala, kuona kwa mthunzi, kuligogoda pachikhatho, n'kuonanso. Kusankha anasankha bwino, pamenepo sindiwanena.

Anandipatsa kuti nane ndione. Ndinaona bambo wina tsidya la msewu akukukuta chimanga chootcha, mpaka mano ake. Nditachotsa diso, Dalitso anali atasiya chitenje changa, ali pakhonde, matatu akudutsa pamphuno pake. M'galasi muja sanaonekemo n'komwe.

Mmwenye uja anatulutsanso darubini, ija yoonera ndi maso awiri, yokoleka m'khosi. "Tengani ndi iyi. Iyo ndi yoombera, iyi ndi yoonera."

"Pesa hakuna," anatero amuna anga, kunena kuti ndalama palibe. Kenako kwa ine, "Ndigulirenji ziwiri poti imodzi ikuona kale?"

Ine ndinavomera ndi mutu. Mpaka lero ndimaliona dzanja la Mmwenye uja likubweza darubini m'kabati.

M'mawa mwa tsiku lotsatira diresi lija, ndinatuma ana kukatenga mkaka, ine n'kuima kuseri kwa mgolo wa madzi. Bambo a Esinati anatuluka, natsamira pamtengo wa mpanda, mfuti paphewa, diso limodzi chotsinzina. Ankamwetulira. Mpope wa mfuti unkayenda pang'onopang'ono, ana akakhota nawonso ukhota, ana akaima nawonso uima.

"Bambo a Esinati, tsitsani."

"Ndatseka, mayi. Taonani, chala chili kunja."

"Dzana munaomba nkhandwe. China chija chinalowa chokha, munachichotsa?"

Iwo anati, "Mfuti ndinayamba kugwira inu musanamere mano. Ndikulondera ana anga omwe. Fisi akatulukira m'udzumo ndimuone ndi chiyani?"

Vuto linali loti sankanama. Analonjeza kusiya, anasiyadi masiku angapo. Koma popanda galasi lija ana akafika pachitsime ankangokhala zithunzithunzi kwa iwo, ndipo tsiku lina ndinawapezanso pampanda, akuseka okha kuti Dalitso akuthamangitsa nkhanga. Ine kuyambira pamenepo ana ndinkawasunga m'nyumba ngati anapiye, ndikamva nkhuni kuthetheka pamoto ndayamba kale kuwerenga mitu.

Ndinapita ku Parklands kwa akazi a dokotala. Ankapita kutchuthi kumudzi pandege, poti malire a Tanzania anali otseka, ndipo ankafuna wowagwirira khanda. Ndinagwada, ndinati mayi, nditengeni ndi anga awiriwa, ndidzakugwirirani ntchito mpaka mudzati yakwana. Sanafunse zambiri. Amuna anga anavomera, akuyesa ndi ulendo wokaona anthu. Tsiku lonyamuka, iwo ali kodibitsa ng'ombe, ndinamasula zomangira galasi lija pogwiritsa ntchito shilingi n'kulikulunga m'matewera. Mfuti ndinaisiya pamalo pake. Afisi amafika pakhola penipeni, amenewo ankawaona ndi maso awo omwe.

Ndinkayesa kwathu akandimva msanga. Mayi anga anandifunsa, "Amamwa?" Ayi. "Anakwatira wina?" Ayi. "Amakumenya?" Ayi. "Nanga wathawa chiyani?" Ndinati amayang'ana ana. Akazi onse pakhondepo anagwa ndi phwete. Mchemwali wanga anati, "Ndipatse ine ameneyo, wanga sadziwa n'komwe kuti ana ake ndi angati." Ndinaona kuti kwathu mlandu wa mwamuna amaudziwa ukakhala ndi chipsera.

Amalume a Jailosi, ankhoswe athu, anabwera kudzandiuza kuti ndibwerere. Ndinawapatsa galasi lija. Anaona nalo mlimi kuphiri, anaona mbuzi za eni, akungoti, "Ha! Azungu ndi afiti." Kenako anapeza Esinati akusewera fulaye ndi mdzukulu wawo kubwalo la sukulu, n'kumatchula mayina akuseka.

Ndinalowa m'nyumba mwawo, ndinatenga mfuti yawo ya gogodela yoopsezera anyani, ndinaiika pamiyendo pawo pamodzi ndi luzi. "Mangiriranipo, amalume, muwaonenso."

Anayang'ana mfuti, anayang'ana kubwalo. Galasi analiika pansi pang'onopang'ono, ndipo za kubwerera sanazitchulenso.

Bambo a Esinati ndalama ankatumiza ndithu, sanaleke. Patapita miyezi anatuma mawu kudzera kwa akazi a dokotala kuti nditumize galasi lawo, ndiponso kuti ana awasowa. Galasi lili pansi pa sutikesi yanga mpaka pano. Mawu okha ndiwo ndinatumiza: mukafuna kuona ana, bwerani pafupi.