A Chinguwo ndi chikho chimene sitinachigwire

Ndikakumbukira a Chinguwo, ndimamva fungo la mankhwala opaka m'mawondo, lija loyabwa m'mphuno, litasakanikirana ndi fungo la jekete lonyowa ndi mvula ya ku Leicester, mvula yowaza tsiku lonse osaganizako zokata. Nyumba yawo inali yogundana ndi yathu ku Highfields, khoma limodzi, moti akamaonera mpira pa TV ife tinkadziwa zigoli tili kukhitchini. Tinkangomva mpando ukukwekwereka, kenako mawu awo akukalipira osewera amene sakanawamva n'komwe. Sanali agogo anga enieni, agogo anga anatsala ku Malawi. Koma kuyambira pamene ine ndi mayi tinalowa m'nyumba imeneyo, ndili kamtsikana ka zaka zisanu ndi zinayi, ndinkawatchula agogo ndipo iwo ankavomera.

Ankagwira ntchito yosamalira okalamba ku Oadby, munthu woti nayenso mutu unali utayera kale. Kwathu ku Zomba anasewerapo mpira mpaka bondo linawakana, ndipo ankayenda mokoka mwendo wamanzere. Kuseri kwa nyumba zathu kunali kanjira kosungirako mabini a zinyalala, ndipo ndi kumeneko anandipeza tsiku lina ndikumenyetsa mpira kukhoma.

"Iwe Mwayi," anatero atasuzumira pampanda, "mpirawo wakulakwira chiyani? Yamba wauimitsa, uuone, kenako uutume."

Ine ndinkafuna kugoletsa ngati ana ena onse. Iwo anakana. Anati aliyense akathamangira kutsogolo pakhomo patsala ndani, ndipo anandisandutsa wotseka kumbuyo. Kwa zaka zingapo ankaima m'kanjira kaja manja ali m'matumba, kundiphunzitsa kudikira, kuyang'ana chiuno cha mdani osati mapazi ake, ndi kusagwa pansi msanga.

Nditafika zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi ndinalowa koleji, imodzi mwa zija zokonzekeretsa ana kupita ku yunivesite. Inali ndi timu ya atsikana, koma kunena zoona inali timu chifukwa cha mayi mmodzi, a Dawson, mphunzitsi wa masewero amene ankatiphunzitsa pa nthawi yawoyawo. Anyamata anali ndi bwalo la kapeti, udzu wochita kupanga, la magetsi, loyandikana ndi zipinda zosinthira zovala. Ife tinkawoloka msewu kupita kupaki, pabwalo lotsetsereka mbali imodzi, pomwe tisanayambe tinkayamba tatola zonyansa za agalu. M'nyengo yozizira matope ankafika m'akakolo, ndipo majezi athu anali amene anyamata anawataya, aakulu ngati madiresi.

Mnzanga kumbuyo anali Hodan, mtsikana wa Chisomali, wamtali, wosewera atamanga mpango wakuda kumutu, wosalankhulalankhula koma wosadutsika. A Chinguwo ankabwera Lachitatu lililonse akaweruka, n'kuima m'mbali mwa bwalo ndi ambulera ndi fulasiki ya tiyi wa mkaka amene ankatimwetsa tonse m'kapu imodzi. Sankalowerera ntchito ya a Dawson. Ankadikira pobwerera, tili pabasi, ndiye n'kuyamba.

"Chikho cha makoleji a dziko lino lonse sichifuna matsenga," ankatero. "Mpweya ukhalepo mpaka oyimbira atamaliza. Kumbuyo muzilankhulana, musamasewere ngati anthu odana. Ndipo wa pabenchi azidziwa kuti naye ndi munthu, chifukwa tsiku lina mudzamufuna."

Za kulankhulanazo anatiumiriza mpaka Hodan anaphunzira Chichewa cha m'bwalo. Mdani akamabwera kumbuyo kwanga ndinkamva akukuwa kuti "Kumbuyo!" kapena "Tseka!", ndipo atsikana a matimu ena ankasokonezeka osadziwa kuti tikuuzana chiyani. Tinagonjetsa makoleji a ku Nottingham, ku Derby, ku Northampton, nthawi zambiri ndi chigoli chimodzi chokha, ife titatseka pakhomo. Tsiku lina tinasewera chipale chofewa chikugwa, zala zitauma moti golokipa wathu analira pochotsa magolovesi. Palibe wa ku ofesi ya koleji anabwerapo kudzationera. Ndikukayika ngati ankadziwa kuti tilipo.

Tinafika mu semifainolo, yokasewerera kutali kumpoto. Patatsala masiku ochepa a Dawson anatisonkhanitsa, nkhope itafiira, n'kutiuza kuti minibasi ya koleji yapatsidwa kwa anyamata. Anyamatawo anali atatuluka kale mumpikisano, ankapita kumasewero ongopimana mphamvu. Ife a ku ofesi anati tione chochita, makolo atiperekeze. Makolo ake ati? Mayi anga ndi namwino, mayi a Hodan anali ndi ana ang'onoang'ono kunyumba, ena bambo awo ankagwira ntchito m'mawerehausi osungira katundu a ku Corby. Tikapanda kufika, timu yokasewera nayoyo ikanangodutsa osatuluka thukuta.

Nditawauza a Chinguwo, anangotseka chitseko mwamphamvu. Lamlungu kutchalitchi chathu cha Amalawi, pa nthawi ya zolengeza, ndinangoona aimirira osaitanidwa.

"Abale, ana athu afika pa semifainolo ya dziko lino lonse, ndipo sukulu yawo yawamana galimoto. Ine ndikufuna magalimoto Lachitatu. Sindikupempha pemphero, pemphero ndapemphera kale ndekha."

Anthu anaseka, koma iwo sanaseke. Panja mayi anga anayesa kuzemba.

"Bambo, ine Lachitatu ndili pa shifiti."

"Sinthanani, mayi. Kukakhala ukwati ku Coventry mumasinthana bwanji? Mukanike lero chifukwa ndi mpira wa mwana wamkazi?"

Lachitatu m'mawa pakhomo pa koleji panaima magalimoto a anamwino ndi osamalira okalamba, ena maso ali ofiira ndi tulo. Atsikana achizungu ndi achimwenye anapanikizana m'magalimoto onunkhira mandasi, nyimbo za kwaya zikulira. Tinasewera ndi timu ya atsikana akuluakulu, othamanga ngati mphepo, amene anatipanikiza kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Sanagoletse. Chakumapeto tinapeza kona, Hodan anakwera kutsogolo, n'kumenya mpira ndi mutu mpaka mugolo. Ndinaona mayi anga, munthu wosadziwa ngakhale lamulo limodzi la mpira, akuthamanga m'mbali mwa bwalo akululutira, chikwama chili m'mwamba.

Apa m'pamene koleji inadzuka. Mwadzidzidzi tinakhala "atsikana athu". Apulinsipolo anabwera kudzatigwira chanza, wojambula zithunzi ali pambuyo pawo. Anatisamutsira pabwalo la kapeti, anatigulira majezi atsopano otikwana, ndipo anabweretsa kochi wina wamwamuna wochokera kukalabu ina yaikulu, ati kudzathandiza a Dawson. Sipanatenge nthawi kuti tione kuti a Dawson ndi amene asanduka wonyamula mabotolo a madzi.

Pakoleji pathu panali atsikana anayi amene ankasewerera kalabu imeneyo. Nyengo yonse yozizira kalabu inkawaletsa kusewera nafe, ati angavulale m'matope. Koma anali ophunzira a pakoleji, ndipo malamulo ankawalola. Fainolo itayandikira, kalabu inawamasula. Tsiku lina titamaliza kuphunzira, kochi watsopano uja anatipatula anayi: ine, Hodan, Chloe ndi Priya. Analankhula mofatsa, akumwetulira, kuti tachita zazikulu, koma koleji iyenera kupita ndi mwayi wonse umene ili nawo. Sitinali mu timu yoyamba. Sitinali ngakhale pabenchi. Hodan, amene chigoli chake chinawafikitsa kumeneko, anangovula jezi yatsopano ija, n'kuipinda bwinobwino, n'kuisiya pa udzu.

Mawa lake a Chinguwo anavala suti yawo ya kumaliro ndi tayi, n'kukwera basi kupita kukoleji kukaonana ndi apulinsipolo. Anabwerako masana, ndipo ndinawamva akukalipa asanatsegule n'komwe geti.

"Andipatsa tiyi! Tiyi ndi bisiketi! Munthu ndapita ndi nkhani ya ana, iwo akundifunsa ngati ndimathira shuga. Akuti amvetsa mmene ndikumvera. Amvetsa chiyani? Anayamba aimapo pamvula paja?"

Anatulutsa matikiti m'thumba n'kuwaponya patebulo pathu. Apulinsipolo anawapatsa kuti atsikana osiyidwawo akaonerere ulere. Ine ndinati sindipita, ndipo mayi anagwirizana nane, anati mwana asakazunzike pachabe.

"Tipita," anatero a Chinguwo. "Ukapanda kupita, Mwayi, mawa adzanena kuti sunaliponso chiyambire. Ukakhale poti akuone."

Tinapita atatu, iwo, ine ndi Hodan, pagalimoto yobwereka. Linali bwalo lenileni, kufupi ndi Birmingham, la mipando ndi denga, udzu wake wosalala ngati mphasa yatsopano. Kunali dzuwa. Koleji inatumiza basi yaikulu yodzaza ophunzira ndi mbendera, anyamata aja ali momwemo, akuimba mayina a atsikana amene sabata zapitazo sankawadziwa. Ndinakhala pampando wapulasitiki kuonerera mtsikana wina ataima pamalo panga, atavala nambala yanga. Nthawi zonse mdani akamazembera kumbuyo kwake, ndinkamva Hodan pambali panga akunong'ona yekha kuti "Tseka, tseka."

Anapambana. Chigoli chimodzi, chogoletsa mmodzi wa atsopano aja, chigoli chokongola chimene sindingachinyoze. Anthu analumpha, mbendera zinauluka. A Chinguwo sanawombe m'manja, anangopinda mikono.

Kenako anaika tebulo pakati pa bwalo, chikho chili pamwamba, ndipo apulinsipolo anapatsidwa maikolofoni. Anathokoza kalabu. Anathokoza kochi watsopano pomutchula dzina. Anathokoza akuluakulu a koleji chifukwa cha masomphenya awo pa masewero a atsikana. Atafika pa mawu akuti masomphenya, mpando wa pambali panga unagunda, ndipo a Chinguwo anali ataimirira.

"Hodan!" anakuwa, mawu aja amene ankaboola khoma la kwathu. "Mwayi! Chloe! Priya!"

Anthu anatembenuka. Iwo anabwerezanso, dzina lililonse palokha, akuloza ife ndi ambulera. Kenako anawonjezera a Dawson, ndi mayina a amayi amene anayendetsa magalimoto ku semifainolo, amayi Banda, amayi Kaliati, anti a Loveness, Chizungu ndi Chichewa zikusakanikirana pakamwa pawo. "Amenewa ndi amene anakubweretsani kuno! Atchuleni! Mukuchita manyazi ndi chiyani?"

Apulinsipolo anaima pang'ono, anamwetulira ngati amva nthabwala, n'kupitiriza. A Dawson anaweramitsa mutu. Anzathu a m'bwalo anatiyang'ana kamodzi, kenako anayang'ana chikho. Anyamata awiri ovala majekete achikasu, alonda a pabwalo, anabwera kudzawagwira agogo m'mikono. Iwo anawasasa.

"Musandigwire. Ndinabwera ndi miyendo yanga."

Anatsika masitepe pang'onopang'ono, akukoka mwendo uja, mutu uli m'mwamba, ife awiri tili pambuyo pawo. Tili panja tinamva phokoso la anthu pamene chikho chinkakwezedwa.

Poimika magalimoto mkwiyo wanga wonse unagwera iwo, popeza panalibenso wina pafupi.

"Agogo, ndiye kuti munkatinamiza. Munkati kumbuyo tizilankhulana, munkati wa pabenchi ndi munthu. Aja sadziwana n'komwe, koma apambana. Ndiye zonse zija zinali za chiyani?"

Anatsamira galimoto, akupuma movutikira. Ndinkayembekeza kuti anditonthoza, kuti anena kuti timuyo yangochita mwayi. Sanatero.

"Atsikana aja amautha mpira," anatero. "Amene anavala nambala yako uja amakuposa, usadzinamize. Masewero a lero apambana okha, ndipo alibe mlandu, ndi ana ngati iwe. Koma chikho si masewero a lero. Mu Januwale anali kuti? Tsiku la chipale lija anali kuti? Kuti munthu asewere fainolo, pafunika wina amufikitseko. Ameneyo akulu aja amudya n'kumutaya ngati khoko la nthochi. Akanakuikani ngakhale pabenchi. Akanangokutchulani. Zimenezo sizikanawachotsera chigoli."

Hodan anandifunsa kuti akuti chiyani. Ndinamumasulira. Anagwedeza mutu, n'kulowa m'galimoto. Sanasewerenso mpira kuyambira tsiku limenelo. Ine ndinayesako chaka chotsatira, koma mtima unali utachoka.

A Chinguwo anabwerera ku Malawi patapita zaka zochepa, bondo litakaniratu ntchito yonyamula okalamba, ndipo anamwalirira kwawo. Sindinathe kupita kumaliro. Chithunzi cha timu yopambana chidakapachikidwa pakhomo lolowera kukoleji kuja, m'felemu yaikulu, apulinsipolo ali pakati. Mayi amandiuza kuti ndiiwale, akuti ndinali mwana ndipo mkwiyo umakalambitsa. Mwina akunena zoona. Koma agogo aja sanandisiyire nyumba kapena munda, anandisiyira mkwiyo umenewu, ndipo sindikufuna kuutaya. Mpaka lero ndikaona chithunzi cha anthu akukweza chikho, kaya ndi a mpira kaya ndi a kuntchito kwathu, maso anga sapita pa amene achinyamula. Ndimayang'ana m'mphepete mwa chithunzicho, pamene wojambula anadulira, ndipo ndimafunsa mokweza kuti amene watsala kunjako dzina lake ndani.