Nthambi ya Achimwene

Madzi a m'nyanja atabwerera, malo ogona alendo a ku Nkope kumene ndinkagwira ntchito anatsegulidwanso. Zipinda tinazipaka laimu, matope tinachotsa, koma alendo sankabwera. Webusayiti yathu inkanenabe kuti tatseka chifukwa cha kusefukira kwa madzi.

Amene anaipanga, mwana wamkulu wa mayi eni malowo, amene ine ndinkawatchula kuti achimwene, anali atapita ku Joni. Anandisiyira laputopu yakale ndi malangizo achidule: ukasintha khodi, malemba olamula zooneka pa webusayiti, uziikankhira kunkhokwe ya pa intaneti, webusayiti izisintha yokha. Ine zamakompyuta ndinaziphunzira kusukulu ya ku Chowe, kumene kalasi yonse tinkasinthana kompyuta imodzi, choncho chilichonse ndinkachigwira ngati dzira.

Ndinachotsa mawu akuti tatseka, n'kuika zithunzi zatsopano. Netiweki inkagwira bwino pansi pa thanki ya madzi, ndiye ndinakakhala pamenepo n'kukankha. Nkhokwe inalandira. Nditatsegula webusayiti pa foni, inali chimodzimodzi: tatseka.

"Mwana wanga, zatheka?" anafunsa mayi, tsache lili m'manja.

"Zikubwera, mayi."

"Zikubwera pa bwato kapena wapansi? Aukwati aja a ku Blantyre aimbanso. Akuti akawaonabe mawu amenewo mawa, akagona ku Makokola."

Ndinakankhanso, ndinazimitsa n'kuyatsa, ndinanamizira netiweki. Kenako ndinasiya kubwereza zomwezo, n'kuyamba kuwerenga kafayilo kamene kamalamula zopita pa webusayiti. Mzere umodzi unanena poyera kuti imatenga khodi ya m'nthambi yaikulu yokha. M'nkhokwe muja khodi imasungidwa m'nthambi zosiyanasiyana, ndipo ine ndinali nditatsegula yangayanga pambali. Yaikuluyo inali ndi dzina la achimwene paliponse, ndipo kwathu sulowa m'chipinda cha wamkulu mwiniwake kulibe. Ntchito yanga yonse inkafika bwinobwino, n'kuima pakhomo.

Ndinawatumizira achimwenewo uthenga wa mawu, woyamba ndi kupepesa. Anayankha akuseka, magalimoto akulira kumbuyo kwawo.

"Iwe, ukuodira kompyuta? Makiyi ndinakupatsa. Lowa."

Nditakankhira kunthambi yaikulu, inakana. Achimwene anali atasinthamo nambala ya foni ali ku Joni komweko, ndipo laputopu yanga inalibe zimenezo. Apa sindinafunsenso munthu. Ndinakoka zawozo kaye, n'kuziphatikiza ndi zanga. Zinawombana pamalo amodzi, pamene nambalayo inayandikana ndi mawu otseka aja. Ndinasunga nambala yawo, mawuwo n'kufufuta. Ndinawerenganso modekha, n'kukankha. Ulendo uno inalandira, webusayiti n'kusintha.

Foni ndinakawapatsa mayi kukhitchini. Anapukuta manja pachitenje, n'kuyang'anitsitsa chithunzi cha chipinda chimene tinachotsamo matope ofika m'mawondo.

"Alhamdulillah," anatero chapansipansi. "Koma katani uyu unamujambula atapindika."

Pomwepo anawaimbira aukwati aja, ine ndili chilili pakhomo.

"Tsegulaninso muone. Wa makompyuta wathu wakonza."

Mpaka tsiku limenelo ankanditchula kuti mwana wothandiza. Alendowo anafika Loweruka, minibasi yodzaza mpaka pakhomo. Ndikuwanyamulira zikwama, ndinaona mayi wina akufanizira chipinda ndi chithunzi cha pa foni yake, n'kugwedeza mutu movomera. Katani uja ndinali nditamuwongola kale.