Mlandu wa matemba aja, ababa

Ababa, lero zakwana zaka ziwiri chitisiyireni. Mphaka wanu uja, Sajeni, akadalipo, ndipo chaka chino makoswe sanalaweko mtedza wathu. Nditamuona atagona pamatumba m'mawawu, ndakumbukira tsiku lomwe amayi anapeza matemba atatha m'poto. Anakalipa kuti, "Anapiye awiri anadya aja ndinakhululuka, koma ndiwo ayi! Abambo ake Esinati, mukamutaye mphaka ameneyu kutali, mupitirire Ludzi." Inu munapukusa mutu mwachisoni n'kunena kuti, "Sajeni, wandichititsa manyazi." Chonsecho ine ndinali nditakuonani mukudya matembawo chiimire kukhitchini. Munangondiyang'ana kamodzi, podziwa kuti mwana wanu pakamwa m'polemera. Munamuika Sajeni m'thumba n'kukwera njinga, koma munangozungulira kuseri n'kukamubisa m'chigafa cha fodya. Sabata yathunthu munkamugawira ndiwo zanu mobisa. Makoswe ataboola thumba loyamba, amayi n'kuyamba kudandaula, munafuula kuti, "Taonani, wabwera yekha! Mphaka saiwala kwawo."

Lero ndalimba mtima ndawaululira amayi zonse, chifukwa akamuona Sajeni amamutchabe wakuba. Ndimaganiza kuti akwiya nanu, komanso ndi ine amene ndinakhala chete. Aseka mpaka kukhala pansi, kenaka apukuta misozi ndi chitenje. Akuti, "Mwanawe, ndinadziwa tsiku lomwelo. Unaonapo mphaka atadya ndiwo n'kuvundikiranso poto?"

Takusowani, ababa. Gonani mumtendere, amayi akuti anakukhululukirani kalekale.