Tsiku Limene Agogo Anakwera Ndege ya Ajapani

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali Sitandade 6, amalume atabwera ndi kompyuta yakale kuchokera ku Chipata. Anaiika kuseri kwa kauntala m'golosale yawo pa Kamwendo, pakati pa makatoni a sopo ndi chigubu cha palafini. M'kompyutamo munali masewera amodzi okha, oyendetsa ndege yankhondo ya Ajapani, yotuwa, yokhala ndi dontho lalikulu lofiira paphiko lililonse. Unkainyamutsa pa sitima yapamadzi n'kukaiteretsanso pomwepo.

Tikaweruka kusukulu, ine ndi msuweni wanga Tiyamike tinkalimbirana mabatani, zala zili noninoni ndi mafuta a zitumbuwa. Kunyamuka kunali kosavuta, koma kutera ndiye ayi. Ndikhulupirira ndinamiza ndege zambiri kuposa zimene Ajapaniwo anapanga.

Tsiku lina la msika, agogo aamuna analowa kudzapumira dzuwa. Tinkadziwa kuti anakamenya nkhondo yolimbana ndi Ajapani ku Burma ali mnyamata, koma nkhaniyo sankaikamba. Atamva kulira kwa injini anaima chilili, ndodo ili m'mwamba. Kenako anasuzumira n'kuona madontho ofiira aja.

"Zimitsani msanga," amalume anatinong'oneza.

"Alekeni ana," anatero agogo. Anandiyang'ana n'kundiitana monga ankandiserewulira masiku onse. "Akazi anga, tasenderani ndiikwereko."

Anakhala pa kireti ya zakumwa, ine n'kuwaika zala pamabatani. Zinali zouma ngati chikuni, zonunkhira fodya. Ndege inakwera mopendapenda mpaka pansi panaoneka chilumba chobiriwira. Agogo anachiyang'anitsitsa nthawi yaitali.

"Ife tinkabisala m'matope, kumaganiza kuti a m'ndege akutiona mmodzimmodzi," anatero motsitsa mawu. "Kani kumwamba kuno munthu saoneka."

Posakhalitsa ndege inazyolika n'kugwera m'madzi. Ndinaopa kuti akhumudwa, koma anaseka mpaka kutsokomola, akupukuta maso ndi chipewa.

"Imodzi ndagwetsa tsopano. Ku Burma zinandikanika."

Tsiku limenelo anatiuza mayina a anzawo atatu amene sanabwerere. Agogo sanadzaikwerenso ndegeyo, ndipo chaka chotsatira tinawaika m'manda.

Lero ana anga amaulutsa ndege pafoni, zooneka ngati zenizeni, aliyense ali pakona pake ndi timawaya m'makutu. Kwa iwo nkhondo ija ndi masewera chabe, ndipo sindiwadzudzula, poti nafenso tinali choncho. Kungoti kwathu kuno sikunatsale munthu woti n'kuwakhalira pambali n'kuwauza mmene zinkamvekera uli pansi.