Mwana amene anapita naye kuphiri

Ndine mwana woyamba wa bambo anga, koma ku Nsaru kuno mukafunsa kuti mwana wa mkulu wa mpingo uja ndi uti, akulozerani mng'ono wanga. Anthuwo sindiwada. Iye anabadwira m'banja la ukwati woyera. Ine ndinabadwa bambo akadali mnyamata, kwa mtsikana wa ku Nambuma amene abale a bambo sanamufune chifukwa kwawo kunali kwa gule. Mayi anabwerera kwawo atandibereka kumbuyo. Mayiwo atamwalira, amalume anandikweza panjinga n'kudzanditula pakhomo pa bambo, ndili wamkulu kale wotha kugwira khasu.

Sanandizunze ayi, ndisaname. Ndinkadya, ndinkavala. Koma Lamulungu popita kutchalitchi mng'ono wanga ndiye ankanyamula mabuku a bambo, ine ndinkanyamula mpando. Kukabwera alendo, bambo ankati, "Uyu ndi mwana wanga," kenaka n'kucheukira kwa ine, "ndipo uyu ndi mnyamata wathu wamkulu." Mawu amenewo ankandiwawa ngati munga wothyokera m'phazi. Iye anapita kukaphunzira zauphunzitsi. Ine ndinatsala m'chigafa, kusoka fodya ndi kuweta mbuzi. Nsanje ndinali nayo, ndipo sinali yaing'ono.

Bambo anali ndi mnzawo wapamtima, Msilamu wochokera kummwera amene ankagulitsa nyama ya mbuzi pamsika wa Nsaru. Kwathu mbuzi sinkaphedwa ndi munthu wina. Pamaliro, paukwati, pa Khirisimasi, ankaitanidwa iwowo kudzazinga, kuti iwo ndi Asilamu anzawo adye nafe mosakayika. Ndipo awiriwa akakumana, mtsutso wa aneneri sunkalephera. Bambo akati Nowa, iwo ankati Nuhu. Bambo akati Mose, iwo Musa. Yona wa m'mimba mwa chinsomba mnzawoyo ankamudziwa, Yosefe wogulitsidwa ndi abale ake ankamudziwanso, mpaka malaya ake.

"Achimwene, aneneri athu onsewa munachita kubwereka," ankatero bambo.

"Nanga inu simunabwereke kwa Ayuda? Munabweza liti?" ankayankha mnzawoyo, onse n'kuseka mpaka kutsokomola.

Ine ndinkangomvera, osalowererapo. Kwa ine inali nthabwala ya akuluakulu, kufikira pa ukwati wa mng'ono wanga.

Ukwati umenewo unali wa mbiri. Anabwereka matenti, kwaya inachokera ku Kabudula, mpunga unagulidwa m'matumba. Ine pamene ndinkakwatira, panaphedwa nkhuku, ankhoswe n'kulankhula, basi. Tsono kutatsala tsiku limodzi bambo anandipeza kukhola n'kuloza tonde wanga woyera, amene ndinamulera ndekha kuchokera ali kamwana, ndikumusungira kubereketsa mbuzi zanga. "Mawa ameneyu," anatero. Sanafunse. Ndinavomera ndi pakamwa, koma mumtima ndinatukwana ukwati wonsewo ndi matenti ake omwe.

Mmawa mwake tinamukokera kuseri kwa khitchini, pansi pa mtengo wa mango. Mnzawo wa bambo anamugoneka, n'kumulozetsa kumpoto monga ankachitira nthawi zonse. Ine ndinagwira miyendo yakumbuyo. Akunola mpeni, anati, "Tonde wokongola ngati nkhosa imene Ibrahimu anapatsidwa m'malo mwa Ismaila."

"Isake," anatero bambo.

"Ismaila, achimwene. Mwana wamkulu."

"Isake. Ayuda amene anayamba kulemba nkhaniyi akuti Isake, ifenso tikuti Isake. Awiri ife, inu nokha."

"Chilungamo si mavoti. Tamverani, eti kwanuko amati anauzidwa kupereka mwana wake mmodzi yekhayo? Nanga ndi liti pamene wamng'onoyo anakhalapo yekha? Mkulu wake anali atabadwa kale. Amene anakhalapo yekha ndi woyambayo."

Nkhaniyi ndinaimva kambirimbiri ku Sande sukulu, ndipo nthawi zonse ndinkadziwa malo anga: ndine Ismaila uja anapitikitsidwa pamodzi ndi mayi ake kuchipululu, atawapatsa kamba ndi madzi. Sindinadziwe kuti pansi pano pali anthu ochuluka amene amakhulupirira kuti wokondedwayo, woyenera kuperekedwa kwa Mulungu, anali mwana wa mayi wothamangitsidwayo. Ndinafuna kuti wanyamayo apambane. Ine wobatizidwa, woimba nawo kwaya, ndinaima kumbali ya mzikiti ndi mtima wanga wonse.

"Mwana wa lonjezo anali wa mkazi wa m'nyumba," anatero bambo, osandiyang'ana n'komwe. "Winayo anadalitsidwa, inde, koma wokondedwa anali Isake."

Mpeni unadutsa. Tonde anaphiriphitha m'manja mwanga mpaka anazizira. Ndinaimirira, magazi ali pa thalauza, ndipo ndinafunsa chimene munthu wanzeru zake sangafunse.

"Bambo, akanakhala kuti Mulungu wakuuzani inuyo, mukanapita ndi ndani kuphiriko? Ine kapena mkwati wanuyu?"

Taganizani, munthu wa ndevu zake, wa ana ake, kuchitira nsanje mpeni! Koma ndi mmene zinalili. Ndinkafuna anene kuti ine. Ndinkafuna kukhala chinthu chimene chikanawapweteka kuchitaya.

Mnzawoyo anayang'ana pansi n'kuyamba kupukuta mpeni paudzu, mpeni woti wayera kale. Kutsogolo kwa nyumba azimayi ankalulutira, wina akufunsa kumene kunali mapoto akuluakulu. Ndinkayembekezera kuti bambo andikalipira kuti ndikuyesa Mulungu pa tsiku la chimwemwe.

"Iwe ndinapita nawe kale," anatero bambo motsitsa mawu. "Abale anga atandiuza kuti ndisankhe pakati pa mayi ako ndi mpingo, ndinakuperekezani mpaka pamsewu wa ku Nambuma. Unali kumbuyo kwa mayi ako, ukuyamwa chala. Ndinkayenda pang'onopang'ono, kuyembekezera kuti mwina wina andiitana kuti ndileke. Sanandiitane aliyense. Nkhosa sinaoneke."

Anatembenuka n'kumapita kumatenti, kumene ankawafuna kuti akaone za mipando.

Tinasenda mbuziyo awiri, ine ndi wanyama uja. Atatsala pang'ono kumaliza anati, "Mwana wanga, ife ndi bambo ako timakangana za agogo amodzi. Usatitengere." Ndinangogwedeza mutu. Ananditchula mwana wake mosavuta, ngati munthu wopempha madzi akumwa.

Masana ndinakhala kumbuyo, pa benchi ya achibale. Bambo anaimirira atavala jekete lawo la Lamulungu, nayamika Mulungu chifukwa cha mwana wawo mphunzitsi. Anthu anaomba m'manja. Chiwindi cha tonde wanga anachiotcha padera n'kuchipereka kutebulo la mkwati, ndipo ndinachiperekeza ndi maso mpaka chinalowa m'kamwa mwa mng'ono wanga. Nsanje sinachoke, ndisakunamizeni.

Bambo anamwalira osabwerezanso mawu aja, inenso sindinawafunsenso. Mng'ono wanga anatenga mabuku awo, jekete lija ndi wailesi. Pogawana katunduyo anandifunsa mwaulemu ngati panali chimene ndinkafuna. Ndinati ayi. Sadziwa za pansi pa mango paja, ndipo sindidzamuuza. Iye anamva "mwana wanga" moyo wake wonse, pamaso pa anthu. Ine ndinamva kamodzi kokha, kuseri kwa khitchini, kuti ndine amene anaperekedwa, ndipo chimenecho sindigawana naye.