Maliro Amene Anandibisira

Bambo anga ankagwira ntchito ku fakitale ya tiyi, kumbali yowumitsira masamba. Amayi ankathyola tiyi m'minda ya esiteti yomweyo. Tinkakhala ku malayini a antchito a esiteti, nyumba yachitatu kuchokera pa mpopi, ndipo mwa ana anayi ine ndinali woyamba. Nditakhoza bwino Sitandade 8, abambo mfumu a parishi yathu anandipezera malo pa sekondale ya atsikana yoyendetsedwa ndi masisitere, sukulu yolipira komanso yogonera konko. Parishi inkathandiza mbali ina, yotsalayo makolo anga. Anzanga ambiri kumeneko anali ana a mamanejala, a aphunzitsi ndi a ogwira ntchito m'boma.

Tsiku loyendera ana, bambo sankaphonya. Ankabwera pa njinga, amayi ali pa kaliyala, ndipo asanafunse n'komwe za moyo wanga ankati, "Bweretsa makope." Iwo sukulu analekezera Sitandade 4, koma ankatsegula tsamba lililonse n'kumayang'ana pamene inki yofiira yadutsa. Akapeza pamene aphunzitsi athetha, ankaloza ndi chala. "Apa chinavuta n'chiyani?" Ndinkawafotokozera, iwo n'kumagwedeza mutu ngati nkhani ya masamu a Fomu 3 akuitsata bwino lomwe.

Pa holide ya Pasaka, chaka chimene ndinali Fomu 4, ndinawapeza ataonda, mapazi atatupa moti nsapato ankangopondera kuchidendene. Ankati n'kutopa chabe. Tsiku lobwerera kusukulu sanathe kundikweza njinga. Anandiperekeza wapansi mpaka pa siteji, tikuima kawiri m'njira kuti apume.

"Ukalembe mayeso," anatero. "Za kuno utisiyire ife."

Mayeso anayamba kuli chiperoni, nkhungu itakuta mapiri, zala zikuuma pogwira cholembera. Mafoni kusukulu kwathu anali oletsedwa. Lamlungu tikatuluka ku misa tinkandanda pakhomo pa amatironi, aliyense kuimba kwawo mphindi zochepa. Lamlungu la mlungu woyamba wa mayeso ndinaimba foni ya bambo kawiri, osayankhidwa. Kachitatu anayankha azakhali anga, mlongo wawo wa bambo.

"Apita kutchalitchi, foni aiwala," anatero, n'kudula msangamsanga.

Kumbuyo kwawo ndinamva mawu a amayi ambiri akuimba. Ndinangoti mwina ndi kwaya ikuyeserera pafupi. Mawa lake pa misa ya m'mawa, asisitere aakulu, amene anali mphunzitsi wamkulu wa sukulu yathu, anatipempha kuti tipempherere banja lina limene linali pa chisoni. Ndinagwada pamodzi ndi anzanga n'kupemphera, maganizo ali pa pepala la Jogirafe. Mlungu umenewo amatironi anandipatsa bulangete lachiwiri ndisanapemphe, tsiku lina n'kundiitanira tiyi wamkaka kunyumba kwawo. Ine ndinkayesa kuti akutero chifukwa sukulu inkandidalira kuti ndikhoza bwino, ndipo ndinkanyada nazo.

Loweruka lotsatira anandiuza kuti ndili ndi mlendo. Silinali tsiku loyendera ana. Ndinapeza amayi atakhala okha pa benchi pafupi ndi chifanizo cha Amayi Maria, atavala bulauzi yamaluwa imene ankaisungira Khirisimasi, mpango ataumanga motsika mpaka kuphimba makutu. Anabweretsa chinangwa chophika, mapeyala atatu ndi kalongonda m'kambale kotseka.

"Bambo ali kuti?" ndinafunsa.

"Ali pa shifiti. Akuti ulimbikire."

"Mapazi aja?"

"Aphwa."

Miyezi yozizira tiyi amachepa, ndipo mashifiti a Loweruka sakhalapo kawirikawiri. Zimenezi ndinkazidziwa kuyambira ndili mwana. Zinandidutsa m'mutu, koma ndinali ndi zambiri zoti ndinene. Ndinawafotokozera za pepala la Bayoloje, funso ndi funso. Ndinawauza za mnzanga amene analowa m'chipinda cha mayeso atavala sokosi zosiyana, ndipo amayi anaseka. Ndimakumbukira bwino kuti anaseka. Ine ndinadya kalongonda yense, iwo osalawako. Belu litalira anaimirira, nandikonzera kolala ya juzi, n'kunyamuka. Ndinawaimikira mkono ali pa geti koma sanacheuke.

Pepala lomaliza tinalemba Lachinayi. Titatuluka, atsikana anali kukuwa, ena akulemberana mayina pa malaya a yunifolomu. Ndinali nditawerama kuti mnzanga alembe pamsana panga pamene amatironi anandigwira dzanja. "Asisitere akukufuna."

M'chipinda cha alendo munali asisitere aakulu, malume anga, ndi amayi. Amayi anali atavala zakuda kuyambira kumutu. Asisitere anandikhazika pansi, nandigwira manja onse awiri.

"Mwana wanga, bambo ako Mulungu anawatenga."

"Liti?"

Anayankha ndi malume. "Mawa ikwana milungu itatu. Tinaika Lamlungu lake, kumudzi ku Khonjeni."

Sindinalire. Ndinakhala ndikuwerenga masiku chobwerera m'mbuyo mpaka ndinafika pa foni ija, pa nyimbo zija, kenako pa Loweruka lija. Ndinatembenukira kwa amayi.

"Ndiye tsiku lija munabwera kudzandinamiza?"

Anangoyang'ana pansi.

"Wakuuzani kuti mutero ndani? Asisitere?"

"Ndine," anatero amayi. "Asisitere anati banja lisankhe. Anangotiuza kuti ukaphonya mapepala udikira chaka china. Ndinasankha ndine."

Pamenepo ndinalankhula mawu amene sindifuna kuwalemba onse. Ndinawanena m'Chingerezi, chinenero chimene amayi sachimva, pamaso pa asisitere ndi malume. Ndinawatchula kuti wabodza. Ndinati andibera bambo anga. Asisitere anandiletsa mwaukali, koma amayi anakweza dzanja kuti andisiye. Mawuwo sanawamve, koma chimene ndinkanena anachidziwa.

Tinakwera minibasi, sutikesi yanga ili pamiyendo. Titayandikira mphambano yopita ku esiteti kwathu ndinayamba kukonzeka kutsika, malume n'kundigwira phewa. Nyumba ya ku malayini inali ya ntchito ya bambo, ndipo amayi, amene ankangolembedwa nyengo ya masamba ambiri, anali ataibweza kale. Katundu yense anali kumudzi. Tinatsikira kutsogolo n'kukwera kabaza mpaka ku Khonjeni. Anzanga amene ndinakulira nawo ku malayini sindinatsanzikane nawo.

M'mawa mwake malume atapempha chilolezo, tinalowa kumanda. Dothi linali litayamba kale kulimba, nkhata za maluwa zitauma. Azing'ono anga ankadziwa zonse: nyimbo zimene zinaimbidwa, amene ananyamula bokosi, mawu amene kapitawo wa ku fakitale analankhula. Wamng'ono kwambiri, wa zaka zisanu ndi chimodzi, ndiye ankandilozera kumene kunali kumutu. Ndinalira pamenepo, ndekha, ena onse atamaliza kale kulira kwawo.

Miyezi itatu sindinalankhule ndi amayi koposa moni ndi zofunika za pakhomo. Akandituma ndinkapita, akandifunsa ndinkayankha mawu amodzi. Iwo sanandikalipire ngakhale kamodzi.

Tsiku lina tikuchokera kuchigayo, azakhali anatula thumba pansi pa mtengo wa mango n'kundiuza kuti ndikhale.

"Iwe ukuyesa Loweruka lija amayi ako anabwera okha? Ndinali nawo ine. Ndinatsala kuseri kwa golosale ili pafupi ndi geti, nditanyamula zovala zawo zakuda mu jumbo. Anasinthira pomwepo. Mutu anali atameta, n'chifukwa chake mpango uja anaukokera m'makutu. Atatuluka kwa iwe anangokhota pa mpanda n'kugwa. Anadziika chitenje m'kamwa kuti mawu asamveke mkati. Mlonda wa pasukulu ndi amene anandithandiza kuwadzutsa."

Ndinasenza thumba langa. Madzulo ake ndinawatengera amayi madzi osamba kubafa, chinthu chimene ndinali nditasiya kuchita. Kupepesa kunandikanika.

Zotsatira zitatuluka ndinali nditakhoza bwino, ndipo pambuyo pake ndinapita ku kozi ya unamwino. Asisitere ananditumizira kakalata kondiyamikira, koma sindinakayankhe. Kusukuluko ndinangopitako kamodzi kukatenga satifiketi, n'kutuluka osalowa m'tchalitchi. Anthu akamandiuza kuti amayi anachita bwino, taona lero uli pa ntchito, ndimangovomera. Mumtima sindinafikebe ponena kuti anachita bwino kapena analakwa. Amene anaona nkhope ya bambo komaliza ndi ena, ine ayi, ndipo zimenezo palibe angazikonze.

Chaka chatha ndinapita kumudzi nthawi yokolola nandolo. Tinakhala awiri pakhonde tikusola, ndipo ndinafunsa funso limene ndinalisunga zaka zonsezi.

"Amayi, kubisa ndamva. Koma munabwereranji tsiku lija? Mukanangokhala kunyumba, bwenzi musanandinamize pamaso."



"Azakhali ako anandiletsa," anatero. "Malume akonso anandiletsa. Koma m'nyumba monse munali anthu olira, aliyense wondiona ankayamba misozi. Ndinkafuna ndikhale pang'ono ndi munthu amene kwa iye bambo ako anali adakali moyo. Unali iwe wekha."

Anakankhira lichero kwa ine kuti ndithiremo nandolo zanga.

"Unkalankhula za mayeso, ine n'kumangomva ngati ndikafika kunyumba ndikawapeza, ndiwauze zimene wanena. Mpaka pa geti."

Ndinati, "Pepani, amayi." Anandiyang'ana, n'kundiuza kuti ndisankhe bwino chifukwa zina zinali zofumbwa. Tinasola mpaka dengu linatha, kenako iwo anapita kukamasula mbuzi.